Batire Ikamakalamba, Kutchaja Mwachangu Kumasintha Bwanji? Mafunso ndi Mayankho pa Magalimoto Amagetsi

Aliyense amene wakhalapo ndi foni imodzi kwa zaka zitatu amadziwa mmene batire imakalambira: m'mawa yadzaza, dzuwa lisanafike paliwombo yayamba kale kupempha tchaja. Ndiye munthu akamva kuti galimoto yamagetsi imayendera batire ya mtundu womwewo, wa lithium-ion, mtima umayamba kukayika. Nkhawa ya mtunda imakambidwa kwambiri. Imene sikambidwa mokwanira ndi ya nthawi: galimoto imene lero ikuima mphindi 25 potchajira, kodi ikadzatha zaka 8 idzafuna ola lathunthu? Mafunso ali m'munsiwa ndi amene eni magalimotowa amafunsa kawirikawiri, komanso anthu amene akufuna kugula yogwirapo kale ntchito.

Kodi batire yokalamba imachedwadi kutchaja?

Eya, koma osati mmene ambiri amaganizira. Batire ikamakalamba pamachitika zinthu ziwiri zokokerana uku ndi uku. Imayamba kulandira magetsi monyinyirika, ndipo zimenezi zimatalikitsa nthawi. Koma imachepanso mimba, moti imakhuta msanga. Nthawi zambiri ziwirizi zimafafanizana, wotchi osaonetsa kusintha kwenikweni.

Tiyeni tiwerengere limodzi ndi manambala ongoyerekezera. Tengani galimoto ya batire ya 60 kWh. Kuichotsa pa 10 peresenti kukafika pa 80 peresenti kumafuna 42 kWh. Tinene kuti tikaphatikiza pothamanga ndi pochedwa pomwe, tchaja ikuthira 100 kW. Ntchitoyo itha mphindi 25. Papita zaka, batire yatsala ndi 85 peresenti ya mphamvu zake, kutanthauza 51 kWh. Tsopano kuchoka pa 10 kufika pa 80 ndi 35.7 kWh basi. Liwiro nalo latsika, lafika pa 85 kW. Mukawerengera mupeza mphindi 25 zomwe zija, ndipo mwini galimoto akhoza kulumbira kuti palibe chasintha.

Chasinthacho chili pamsewu. Ngati galimotoyo imadya 17 kWh pa makilomita 100 alionse, kale mphindi 25 zija zinkakupatsani makilomita 247. Lero zikukupatsani 210. Makilomita 37 asowa mwakachetechete. Pa ulendo wautali ndiye kuti muziima pafupipafupi, ndipo nthawi imatayikira pamenepo. N'chifukwa chake ine ndimati maperesenti a pa sikirini musawakhulupirire kwambiri. Muzidzifunsa kuti: pa mphindi 10 zilizonse ndikupeza makilomita angati?

kW ndi kWh zimasiyana bwanji?

Ngakhale ogulitsa magalimoto amene amazisokoneza. kWh ndi kukula kwa thanki, kW ndi mphamvu ya mpopi wothirira. Palinso muyeso wina umene amisiri amautchula C-rate, woyerekeza mpopi ndi thanki. Kuthira 120 kW m'batire ya 60 kWh ndi 2C. Kuthira 120 kW yomweyo m'batire ya 30 kWh ndi 4C, katundu wolemera kawiri. Apa mwaona kale vuto: batire ikachepa ndi ukalamba, liwiro lomwe lija limasanduka katundu wolemererapo pamsana wofooka.

N'chiyani kwenikweni chimawonongeka mkatimo?

Batire ya galimoto ndi maselo ambirimbiri olumikizana. Mu selo iliyonse muli mbali ziwiri. Mukamatchaja, tinthu ta lithium timachoka mbali imodzi, kudutsa m'timadzi totchedwa electrolyte, n'kukalowa m'timipata ta graphite (chinthu chakuda chonga cholembera cha mkati mwa pensulo) mbali inayo. Mukamayendetsa galimoto timabwerera kwawo. Ulendo umenewu ukanakhala wopanda chotayika panjira, batire bwenzi ikukhala mpaka kalekale.

Koma pamwamba pa graphite pamamera kachikopa kopyapyala kotchedwa SEI. Kamayamba kupangika kufakitale komwe, selo ikangotchajidwa koyamba, ndipo n'kofunika chifukwa kamateteza graphite. Vuto lake sikasiya kukula. Kakamanenepa kamameza lithium amene sabwereranso pantchito, batire n'kuchepa mphamvu. Kamachititsanso kuti lithium wotsalayo azidutsa movutikira, ndipo kuuma kwa njira kumeneku ndi kumene amisiri amati resistance. Kachikopaka kamakula msanga batire ikamakhala motentha, komanso ikamakhala yodzaza nthawi yaitali, ngakhale galimoto itangoima m'galaja osayenda. Anthu ambiri amadabwa akamva kuti galimoto yosayenda nayo imakalamba batire.

Vuto lachiwiri ndi loopsa kuposa loyambali. Mukakankha magetsi ambiri batire ili yozizira, kapena itatsala pang'ono kudzaza, lithium amafika pakhomo la graphite mochuluka kuposa amene angalowe. Wotsalira panjayo amaundana n'kukhala chitsulo pamwamba pake. Amati lithium plating. Wina amabwerera, wina amatsalira pomwepo, ndipo zikanyanya amamera ngati timinga timene tikhoza kuboola chotchinga cha pakati pa mbali ziwiri zija n'kuchititsa shoti. Malamulo ambiri amene galimoto imatsata potchaja anaikidwa pothawa chimenechi.

Palinso kung'aluka. Graphite imatupa pafupifupi 10 peresenti ikadzaza lithium, n'kuphwa akatuluka. Kutupa ndi kuphwa kwa zaka zambiri kumasiya timing'alu, ndipo pamng'alu uliwonse pamameranso kachikopa kaja, kudyanso lithium wina.

Galimoto yanga ndi yatsopano, koma ikadutsa 50 peresenti liwiro limatsika. Kodi ili ndi vuto?

Ilibe. Ndi mmene zonse zimachitira. Tsiku lina imani pafupi ndi tchaja muziyang'ana sikirini. Mwalumikiza pa 12 peresenti. Pansi pa galimoto pamveka kuti kha, mafani ayamba kulira, nambala ikukwera: 40, 90, 150 kW. Mukumwetulira. Pofika 40 peresenti yatsikira pa 120. Pa 60 ili pa 80. Pa 80 peresenti ikukwawa cha m'ma 40, ndipo mukaumirira kudikira 100, maperesenti 20 omalizawo akhoza kukudyerani nthawi yofanana ndi 70 oyamba aja.

Zili ngati anthu olowa m'holo. Oyamba amangolowa mothamanga n'kukhala paliponse. Mipando ikatsala yochepa, aliyense amayenda akusuzumira mzere ndi mzere, ndipo woima pakhomo amayenera kulowetsa anthu ochepa ochepa kuti asapondane. M'galimoto woima pakhomo ameneyu ndi kakompyuta koyang'anira batire, kotchedwa BMS. Ndi iko kamene kamauza tchaja kuchuluka kwa magetsi oti ithire, sekondi ndi sekondi. Tchaja ilibe ulamuliro wokakamiza.

Ndiye chifukwa chake makampani akamalengeza nthawi yotchaja amathera pa 80 peresenti. Hyundai Ioniq 5 ndi Kia EV6 anazilengeza kuti zimachoka pa 10 kufika pa 80 m'mphindi 18 pa tchaja ya 350 kW. Porsche Taycan ya 2019 inkafika 270 kW ndipo inkachoka pa 5 kufika pa 80 m'mphindi 22 ndi theka. Nambala yaikulu imene amalemba pa malonda imaoneka kwa mphindi zochepa chabe.

Nanga ukalamba umasintha pati pa kutsika kumeneku?

Umakokera kutsikako kufupi. Selo iliyonse ili ndi malire a volteji amene siyenera kudumpha: pafupifupi mavolti 4.2 pa maselo a mtundu wotchedwa NMC, ndi 3.65 pa a mtundu wina wotchedwa LFP. Pamene magetsi akulowa, volteji imene BMS imaona pa selo imakhala yokwererapo kuposa yeniyeni, chifukwa pamafunika mphamvu yoonjezera yokankhira magetsiwo kudutsa resistance ija. Resistance ikakula, choonjezeracho chimakulanso, ndipo selo imagunda malire isanadzaze kwenikweni. BMS ikaona choncho imachepetsa magetsi. Galimoto imene kale inkagwira liwiro lapamwamba mpaka 45 peresenti ikhoza kuyamba kutsika pa 35. Nambala yaikulu ija mwina mudzaionabe mukangolumikiza, koma siikhalitsa.

Kenako kutentha. Magetsi akamadutsa pa njira youma amatulutsa kutentha, ndipo masamu ake ndi ankhanza: mukachulukitsa magetsi kawiri, kutentha kumachuluka kanayi. Resistance ikakwera ndi 30 peresenti, kutentha nako kumakwera ndi 30 peresenti pa magetsi omwe aja. Walira mvula walira matope. Batire yokalamba imatentha msanga, zoziziritsa zimagwira ntchito yowawa, ndipo zikalephera BMS imatsitsanso liwiro.

Chachitatu n'chimene anthu ambiri sachiganizira. Maselo sakalamba mofanana. M'magalimoto ambiri a mavolti 400 muli magulu a maselo pafupifupi 96 olumikizidwa motsatizana, ndipo Tesla Model S 85 yakale ija inali ndi maselo 7,104. Amene ali pakati potentha kapena kutali ndi madzi oziziritsa amafooka msanga kuposa anzawo. BMS imayendera selo yofooka kuposa onse. Imodzi yokha ikagunda malire, batire yonse imachepetsedwa liwiro, ngakhale maselo enawo akadali ndi njala. Zikatere mankhwala ake nthawi zina si batire yatsopano, koma kusintha chigawo chimodzi chokha chimene chadwalacho.

Batire imakalamba mofulumira bwanji?

Pang'onopang'ono kuposa ya foni, chifukwa ili ndi zoziziritsa komanso makampani amabisa kagawo kena pamwamba ndi pansi kamene woyendetsa sakafikira. Kampani ya ku Canada ya Geotab, imene imalondola magalimoto masauzande ambiri, inapeza mu 2019 kuti mabatire ankataya pafupifupi 2.3 peresenti pachaka, ndipo mu 2024 inapeza 1.8 peresenti. Tesla inalemba m'malipoti ake kuti Model S ndi Model X zimataya pafupifupi 12 peresenti zikayenda mamailo 200,000, omwe ndi makilomita oposa 320,000. Poti ameneyu ndi mwini katundu akudzichitira umboni, mukhoza kuchotserako pang'ono, koma sakusiyana kwambiri ndi zimene ena apeza.

Kutsikako sikuyenda mofanana. Chaka choyamba ndi chachiwiri batire imataya mofulumirirapo, eni ake n'kuchita mantha, kenako imakhazikika kwa zaka zambiri. Kumapeto kwenikweni kwa moyo wake imagwanso mofulumira.

Kodi kutchaja mwachangu ndi kumene kumakalambitsa batire?

Kumathandizira, koma mlandu wake si waukulu ngati mmene amaunenera. Ku America, a Idaho National Laboratory anatenga ma Nissan Leaf anayi a 2012 n'kuwayendetsa mamailo 50,000 mumzinda wotentha wa Phoenix. Awiri ankatchajidwa pa tchaja wamba, awiri pa yothamanga yokhayokha. Onse anayi anataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a mphamvu zawo. Otchajidwa mothamanga aja anataya mopitirirapo, koma kusiyana kwake sikunafike maperesenti 5. Chimene chinawononga kwambiri onse anayi ndi kutentha kwa dera.

Mu 2023 kampani ya Recurrent inayerekeza ma Tesla oposa 12,500, amene amatchaja mothamanga pafupifupi nthawi zonse ndi amene amachita zimenezi mwa apo ndi apo. Sinapeze kusiyana kooneka pa mtunda umene magalimotowo amayenda. Tisatengeke nazo mopitirira: ambiri mwa magalimotowo anali asanakalambe kwenikweni, ndipo onse ali ndi madzi oziziritsa batire. M'malabu, maselo okankhidwa mwamphamvu amafooka msanga, ndipo zimenezo palibe amatsutsa. Chimene kafukufukuyu akutiuza n'chakuti BMS yabwino imateteza batire mokwanira moti munthu woyenda ulendo wautali kangapo pamwezi asadziimbe mlandu.

N'chifukwa chiyani Nissan Leaf imatchulidwa kwambiri pa nkhaniyi?

Chifukwa ndi imene inaphunzitsa dziko lonse phunziro la kuziziritsa. Leaf inatuluka mu 2010 ndipo batire yake inalibe madzi oziziritsa. Inkangodikira kuti kutentha kuchoke kokha. Pofika 2012 eni ake a ku Arizona anali akudandaula kale kuti mizere yoonetsa thanzi la batire ikuzimiririka galimoto isanathe zaka ziwiri. Mu 2018 Leaf ya 40 kWh inabweretsa dandaulo lina limene anthu analipatsa dzina loti Rapidgate: pa ulendo wautali, kutchaja koyamba kunkayenda bwino, koma kwachiwiri ndi kwachitatu liwiro linkatsika kwambiri chifukwa batire inali isanazizire. Nissan inasintha pulogalamu ya galimotoyo kuti vutolo lichepe.

Leaf si galimoto yoipa, ndipo zambiri zakale zikuyendabe. Koma pa galimoto yopanda madzi oziziritsa, ukalamba ndi kutentha zimadyetsana: resistance ikakula batire imatentha, ikatentha imakalamba, ikakalamba resistance imakulanso. Magalimoto ambiri a masiku ano amayendetsa madzi oziziritsa pansi kapena pakati pa maselo, ndipo nkhani yawo ndi ina.

Kodi kampani ikhoza kuchepetsa dala liwiro la galimoto yanga?

Ikhoza, ndipo zinachitikapo. Mu 2017 Tesla inavomereza kuti magalimoto ena amene atchajidwa mothamanga kambirimbiri amachepetsedwa pang'ono liwiro lapamwamba pofuna kuteteza maselo. Mu 2019 pulogalamu yatsopano imene inatumizidwa kudzera pa intaneti inachepetsa mtunda ndi liwiro lotchajira pa ma Model S ena akale. Nkhaniyo inafika m'makhoti ku Norway ndi ku America, ndipo mu 2021 kampaniyo inavomera kupereka madola 625 kwa aliyense wa eni magalimoto 1,743 a ku America.

Maganizo anga ndi akuti kuchepetsako pakokha n'kwanzeru. Batire yokalamba siyenera kukankhidwa ngati yatsopano, ndipo kutaya mphindi 5 n'kwabwino kusiyana ndi kuyaka moto. Cholakwika ndi kuchita zimenezi mwakabisira, mwini galimoto n'kungodzuka m'mawa kupeza katundu wake wasintha popanda womuuza.

Lero galimoto yanga yatchaja pang'onopang'ono kwambiri. Kodi batire yatha?

Musathamangire kugalaja. Ukalamba umabwera mwa zaka, sugwa tsiku limodzi. Liwiro likatsika mwadzidzidzi ndi theka, pafupifupi nthawi zonse wolakwa ndi wina.

Woyamba kumukayikira ndi kuzizira. Galimoto yagona panja usiku wozizira, m'mawa mwayenda makilomita atatu okha n'kulumikiza pa tchaja ya 150 kW, sikirini n'kumaonetsa 35. Inu mwavala juzi, m'galimoto mukutentha bwino, koma batire ya makilogalamu 400 pansi panu ikadali yozizira ngati mwala. M'kuzizira lithium amayenda mwaulesi, ndipo BMS imakana magetsi ambiri poopa plating ija. Batire imakonda kutchajidwa mwachangu ili yofunda, cha m'madigiri 25 mpaka 40. Magalimoto ambiri amatha kuitenthetsa okha muli m'njira, koma kawirikawiri pokhapokha mutaika malo otchajirawo pa mapu a m'galimoto momwemo. Mukamatsata mapu a pa foni, galimoto sidziwa kumene mukupita ndipo sikonzekera. Anthu ambiri ataya mphindi zambirimbiri pa kanthu kakang'ono kameneka.

Wachiwiri ndi inu nomwe: mwafika ndi 60 peresenti, ndiye mwayambira pamene liwiro latsika kale. Wachitatu ndi tchaja. Zina zimagawana mphamvu ndi ya pambali, monga matchaja akale a Tesla a 150 kW otchedwa Supercharger amene amakhala awiriawiri, moti mnzanu akalumikiza liwiro lanu limadulidwa. Zina chingwe chake chimangolola maampu 200 (muyeso wa kuchuluka kwa magetsi oyenda m'waya), ndipo pa galimoto ya mavolti 400 zimenezo ndi 80 kW basi, kaya pachikwangwani alembapo 150. Pulagi ikatentha ndi dzuwa, kapena madzi oziziritsa chingwe akavuta, tchaja imadzichepetsa yokha osakuuzani. Galimoto ya mavolti 800 nayo ikalumikizidwa pa tchaja yosafika mavolti amenewo imatchaja mochedwa kuposa mmene imachitira nthawi zonse.

Sunthani galimoto, yesani tchaja ina, tsiku lina, batire itafunda. Mukapeza zomwezo katatu kanayi pamalo osiyanasiyana, pamenepo ndiye muyambe kuganizira batire.

Ndingadziyezere ndekha bwanji?

Sankhani tchaja imodzi yamphamvu kuposa imene galimoto yanu ingalandire. Fikanipo mutayenda mphindi zosachepera 30, batire ili pa 10 peresenti, pambali popanda galimoto ina. Lembani liwiro pa 20, 30, 50 ndi 70 peresenti, mphindi zonse kufika pa 80, ndi ma kWh amene tchaja yaonetsa kuti yathira. Chitani zimenezi kamodzi pachaka, nyengo yofanana. Nambala ya ma kWh ndi imene idzakuuzani zoona: ikamatsika chaka ndi chaka pa maperesenti omwe aja, batire ikuchepa. Dziwani kuti tchaja imawerengera ndi magetsi amene apita ku zoziziritsa ndi zotenthetsa, choncho nambala yake imakhala yokwererapo kuposa imene yalowadi m'batire.

Amene akufuna kuona zambiri akhoza kugula kachipangizo kolumikiza pa OBD2, kabowo kamene amakaniko amalumikizapo kompyuta pansi pa chiwongolero. Pa Leaf, pulogalamu ya LeafSpy imaonetsa thanzi la batire, volteji ya gulu lililonse la maselo, ngakhalenso kuti galimotoyo yatchajidwa mothamanga kangati chiyambire.

Kodi LFP ndi NMC zimasiyana pa ukalamba? Nanga za mavolti 800?

Maselo a NMC ndi NCA, okhala ndi nickel ndi cobalt, amasunga mphamvu zambiri pa kilogalamu iliyonse, koma sakonda kukhala odzaza. A LFP, monga a batire ya Blade imene BYD inatulutsa mu 2020 ndi a ma Tesla Model 3 ena a mtunda wochepa, amapirira kutchajidwa kambirimbiri ndipo savuta kugwira moto. Kufooka kwawo kuli pa kuzizira: LFP yozizira imatchaja mochedwa kwambiri. Volteji yake sisinthanso kwenikweni pa gawo lalikulu la pakati pa yodzaza ndi yopanda kanthu, moti BMS imasokonezeka pa kuwerengera maperesenti. N'chifukwa chake Tesla imalangiza eni magalimoto a LFP kudzazitsa mpaka 100 kamodzi pa sabata. Mukalekerera, sikirini imayamba kunama, ndipo mukhoza kuganiza kuti batire yakalamba pamene ndi kuwerengera chabe kwasokonekera.

Za mavolti 800 anthu amazikokomeza. Volteji yokwera imachepetsa maampu oyenda m'chingwe, m'pulagi ndi m'mawaya a galimoto, choncho zimenezo sizitentha kwambiri. Koma selo iliyonse mkatimo imalandirabe katundu wake yemwe uja. Mavolti 800 amathandiza kuti magetsi afike pakhomo, sateteza selo ku ukalamba.

Kodi kutchaja kunyumba nako kumachedwa batire ikakalamba?

Ayi. Tchaja ya kunyumba ya 7 kW kapena 11 kW ndi katundu wopepuka kwambiri. Pa batire ya 60 kWh, 7 kW ndi pafupifupi 0.12C, ndipo ngakhale batire yotopa imalandira zimenezo mosadandaula. Imadzaza msanga kuposa kale, poti yachepa.

Waranti imateteza liwiro lotchajira?

Kawirikawiri ayi, ndipo apa muwerenge pepala lanu mofatsa. Makampani ambiri amalonjeza zaka 8 kapena makilomita 160,000, ndipo amakonza kapena kusintha batire ikatsika pansi pa 70 peresenti ya mphamvu zake. Nissan imawerengera ndi mizere ya pa dashibodi: ikatsika pansi pa 9 mwa 12. Zonsezi zikunena za kukula kwa thanki. Za liwiro salonjeza kanthu. Batire ikhoza kukhala pa 80 peresenti, ikutchaja mochedwa mooneka, koma kampani n'kunena kuti ili bwinobwino, ndipo mwalamulo ikunena zoona.

Ku Ulaya malamulo a Euro 7 aika malire akuti batire ya galimoto ikhale ndi 80 peresenti mpaka zaka 5 kapena makilomita 100,000, ndi 72 peresenti mpaka zaka 8 kapena makilomita 160,000. Nawonso akuyeza mphamvu yosungidwa, osati mphindi za potchajira.

Ndikufuna kugula yogwirapo kale ntchito. Ndiyang'ane chiyani?

Safunsa anadya phula. Makilomita a pa dashibodi onena kuti galimoto ifika kwakuti musawatenge ngati umboni, chifukwa amasintha malinga ndi mmene woyendetsa womaliza ankapondera. Pemphani lipoti la thanzi la batire, limene amalemba kuti SOH. Pa Leaf kumbukirani kuti mzere woyamba umazimiririka batire itatsika kale kufika cha pa 85 peresenti, ndiye mizere 12 yathunthu sikutanthauza kuti ndi yatsopano. Funsani kumene galimotoyo yakhala, chifukwa ya kudera lotentha imakalamba msanga kuposa inzake ya makilomita omwewo ya kozizira. Funsaninso ngati inali takisi kapena yobwereketsa.

Koposa zonse, pitani nayo pa tchaja yothamanga musanalipire, batire ili pansi pa 20 peresenti ndiponso itafunda ndi ulendo. Yerekezani zimene mukuona ndi mmene galimoto ya mtundu umenewo imatchajira ili yatsopano. Magazini a magalimoto ndi eni ake anayeza kale mitundu yambiri n'kuika zotsatira zake poyera. Wogulitsa amene akukana mphindi 20 zimenezi wakuuzani kale kanthu.

Ndichite chiyani kuti liwiro likhalitse?

Zambiri zimene zimasunga mphamvu ya batire ndi zomwezo zimasunga liwiro lake. Ngati batire yanu ndi ya NMC, masiku wamba muziimira pa 80 peresenti, ndipo mukadzazitsa 100 chifukwa cha ulendo, nyamukani posachedwa, osaigoneka yodzaza masiku atatu. Mukamaisiya kwa milungu, isiyeni cha pa theka. Kukatentha funani mthunzi. Musaizolowetse kufika pa ziro.

Pa ulendo wautali, chizolowezi chimodzi chimaposa zonsezi. Fikani potchajira ndi batire yotsika, cha pa 10 kapena 15 peresenti, itatenthetsedwa kale m'njira, ndipo chotsani pulagi liwiro likangoyamba kukwawa, kaya ndi pa 60 kaya pa 70, bola zikufikitseni potchajira pena muli ndi kotsala. Pa batire yokalamba zimenezi zimapindulitsa kwambiri, chifukwa gawo lake lothamanga lafupika ndipo latsalira m'munsimo. Kuima kawiri mphindi 15 kumakupatsani makilomita ambiri kuposa kuima kamodzi mphindi 30, malinga ngati malo otchajirawo ali m'mbali mwa msewu womwe mukuyendawo.